Mwendo wa Mlongo Wako

Yotamu mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa khola masana ano pamene iwe wapita kutsidya kukatsanzikana ndi azakhali ako. Mapepala ndachita kupempha kwa aphunzitsi, ndipo cholembera ndi chako chomwe, ndachisolola m'thumba la jekete lako osakuuza. Usaseke malembo anga. Ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi ana, pa kalasi ya amayi ija, ndipo mpaka lero mizere yanga imayamba bwino kumanzere kenaka n'kumatsetsereka ngati ikupita kudambo. Ndalemba m'chinenero cha kwathu ku Kasungu. Chitumbuka ndimagulira mchere ndi kulonjerera alendo, koma nkhani ikakhala ya mumtima chimandithawa. Kalatayi ndiika pansi pa zovala zako kuti ukaiwerenge utafika ku Boma, ine ndisaone nkhope yako, iwenso usaone yanga.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndikunyada, ndipo sindikubisa. Ndikunyada mpaka amayi anzanga ayamba kundinena kuti NyaPhiri masiku ano sayang'ananso pansi poyenda, tsiku lina adzapunthwa. Anene. Ndani mwa iwo anabereka mwana amene Boma lamupatsa chipatala kuti achisunge? Lamulungu lapitali ankandifunsa kuti kodi n'zoona kuti ukakhala wekha kumeneko, wopanda mzungu pambali pako. Ndinawayankha kuti inde, dokotala azingodutsa mwa apo ndi apo, koma makiyi a kabati ya mankhwala akakhala m'thumba mwako. Za abambo ako ndiye usanene. Setifiketi yako ija aionetsa kwa aliyense wodutsa pamsewu, ngakhale kwa anthu osadziwa kuwerenga, ndipo iwonso nthawi zina amaigwira chadodolido.

Sizinabwere zokha zimenezi. Anzako atamaliza maphunziro ku mishoni anamwazikana, koma iwe dokotala wachizungu wa kumeneko anakusunga zaka zina pambali pake, ukumanga mabala, ukusoka anthu, ukugona m'chipinda cha odwala, mpaka anakhutira kuti manja ako akhwima. Zaka zimenezo ine ndinkadandaula kuti mzunguyo wandilanda mwana. Tsiku limene ndinabwera kudzakuona ndinasiya kudandaula. Sunandione, ndinali pawindo. Unkasoka munthu amene ng'ombe inamung'amba pamimba, iye akubuula, iwe ukumulankhula pang'onopang'ono za mudzi wakwawo, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinabwerera kukakhala pansi pa mtengo, ndikudzifunsa ngati ameneyo ndi mwana yemwe uja ankathawa akaona ndikupha nkhuku.

Koma sindinapemphe mapepala kuti ndikutamande chabe. Nkhani ndi ya mlongo wako Rute, ndipo iwe ukudziwa. Chilonda chimene chitsa chinamubaya kumunda dzinja lapitalo sichinapole. Chakula, chalowa m'kati, ndipo chili pamwamba pa bondo, pantchafu penipeni. Kulima wasiya, kumadzi amapita mochita kudzikoka. Kwa amuna ake ayamba kale kunena kuti mwina abwere kuno adzapumeko, ndipo iwe ndi ine tikudziwa tanthauzo la kupuma kumeneko. Akabwera adzabwera yekha. Ana ake adzatsala konko, pakuti ng'ombe za malowolo ake zinalowa m'khola muno, ndipo wamng'ono uja sanasiye n'kuyamwa komwe. Kwathu mwana ndi wa mayi wake. Kuno ndakhalako mpaka imvi, koma mwambo umenewu sunatsike pakhosi panga.

Ndinakuona tsiku limene Rute anabwera kudzakulonjera. Anabwera ndi ndodo, akuti ya agalu a panjira. Unamufunsa kuti ali bwanji, iye anayankha kuti, “Nili makora, dumbu.” Akuti ndili bwino, mlongo wanga, koma mphuno yako inamva fungo la chilondacho, ndinaona. Unandiyang'ana, ine ndinaika dzanja pantchafu yanga kukusonyeza malo ake, ndipo pomwepo maso ako anagwa pansi, n'kuyamba kufunsa za mvula ya chaka chino. Pochoka unamupatsa botolo la mankhwala otsukira, n'kumuuza kuti apite ku mishoni. Sanapite ndipo sadzapita. Munthu amene akubisa ntchafu yake kwa mlamu wake wamkazi angakaivundukule pamaso pa mzungu? Sindikukudzudzula, mwana wanga. Ndine ndinakulera chomwecho. Ndine ndinkakukwapula ukalowa m'nyumba ya atsikana, ndine ndinakuphunzitsa kuti mphasa ya mlongo wako sukhalapo. Unamvera, ndipo ndinkakondwa. Tsopano ndikufuna undimverenso.

Nditangokwatiwa kuno ndinali mtsikana wodzimva kuti Chitumbuka ndachigwira msanga, poti mawu ambiri amafanana ndi athu. Tsiku lina agogo ako aakazi, apongozi anga, anandiitana ali gone pamphasa, nati, “Mkamwana, pamoyo pakunisuzga.” Ine ndinamva kuti moyo ukuwawawa, kuti mwina akumbuka ana awo amene anamwalira. Ndinagwada pafupi n'kuyamba kuwalimbitsa mtima. Ndinawauza kuti dziko ndi lotere, kuti Mulungu saiwala anthu ake, mpaka ndinawaimbira nyimbo ya kutchalitchi, ndime zonse. Iwo ankangondiyang'ana thukuta lili kamukamu, kenaka anadzambatuka n'kuthamangira kutchire ndi liwiro limene sindinkaganiza kuti munthu wamkulu angakhale nalo. Kuno pamoyo ndi m'mimba, ndipo iwo ankatsekula. Ankangofuna ndiwaphikire phala lamadzimadzi. Mpaka imfa yawo, akandiona ndikubwera ndi phala ankafunsa ngati nyimbo ndabwera nayonso.

Iwe Chitumbuka unayamwa, sungalakwe ngati ine. Koma ku Boma kumabwera anthu a mitundu yambiri, Atonga, Asenga, ndi aja obwerera ku migodi amene zilankhulo zawo zinasakanikirana panjira. Ndipo iwenso wabwera ndi chinenero chachitatu, cha m'chipatala, chimene ngakhale ine mayi ako sindimva. Usamathamangire kuyankha mawu oyamba amene wamva. Munthu akati pakupweteka, muuze aloze ndi dzanja. Akati ali bwino, funsanso kachiwiri, pakuti palibe amene amayenda ulendo wautali wotero kuti adzakuuze kuti ali bwino. Makora wa Rute uja sanali makora. Ankatanthauza kuti akuchita manyazi ndiponso akuopa, koma pakamwa pa mkazi wa kuno zonsezo zimatuluka ndi liwu limodzi lomwelo.

Nkhani ya nkhokwe ukuidziwa, poti mudzi wonse umaisimba ukafuna kundiseka. Chaka chimene anthu a Boma anabwera kudzatemera nthomba, mbiri inamveka yakuti amatema ana pamkono kuti akakula asadzabereke. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinakunyamula n'kukuponya m'nkhokwe pamwamba pa chimanga, ndikukuopseza kuti ukatsokomola ndikusiya momwemo mpaka masika. Ndinabwerera pabwalo n'kulumbira pamaso pa mesenjala kuti ine mwana ndilibe. Ndili m'kati molumbira, ndinaona anthu akuseka akuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndiwe, mutu uli mbuu ndi fumbi la chimanga, waima pamzere, mkono watambasula kale, ukufuna kuona kampeni kaja pafupi. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Chimene ndimakumbukira kwambiri si kuseka kwa anthu ayi, koma munthu wotemera uja. Anali wakuda ngati ife, wa kunyanja. Akanatha kundinyoza pagulu, akanatha kundineneza kwa mesenjala. Iye anandilonjera bwinobwino, nafunsa kwathu, navula malaya kundionetsa chipsera cha pamkono pake, n'kundiuza kuti kunyumba kwake ana achita kudzaza khonde. Nthomba itafika m'dziko muno iwe sinakukhudze, koma mnzako Simiyoni, amene amake anamubisa bwino kuposa ine, diso lake lija ukulidziwa. Akanandikalipira munthu uja, Rute ndikanadzamubisa patali kwambiri.

Choncho, mwana wanga, ku Boma ukakumana ndi anthu obisa. Adzabwera mochedwa, bala litaola, atamanga zingwe m'chiuno ndi m'khosi, atapaka zakudazakuda zimene sing'anga anawapatsa. Udzapsa mtima, ndikukudziwa, mtima wako ndi wa abambo ako. Usawatukwane. Sanachedwe chifukwa chopusa, anachedwa chifukwa choopa, ndipo ena anabisa mwana chifukwa chomukonda. Zingwe zawozo zisiye ngati sizikukulepheretsa ntchito. Yamba ndi moni, funsa za kumudzi, kenaka ndiye ufike pa matenda. Munthu wamkulu ukafuna avule, tulutsa ana ndi akamwana ake panja. Ukamuchititsa manyazi mmodzi, mudzi wake wonse sudzapondanso pakhomo pako. Rute nayenso wachedwa, wapaka zambiri pachilonda paja, zina ndinamupatsa ndine. Akafika usamufunse kuti unali kuti nthawi yonseyi.

Pali zina zazing'ono zimene ndikuuze ndisanaiwale. Uzidya. Uli ndi chizolowezi choiwala mimba yako ukatanganidwa, ndipo kumeneko kulibe wokukumbutsa. Anthu adzakutcha adokotala, ngakhale nkhalamba zidzakugwadira. Usazilole zigwade nthawi yaitali, zidzutse. Adzabwera ofuna jakisoni pa matenda alionse, ngakhale pa chimfine, poti amva kuti mphamvu ili mu singano. Ukawapatsa chifukwa chofuna kukondedwa, tsiku lina udzasowa wopatsa amene akufunikadi. Chimene sukuchidziwa unene kuti sukuchidziwa, ndipo umutumize munthuyo kwa amene anakuphunzitsa, setifiketi siichepa chifukwa cha zimenezo. Ndiponso pali matenda ena amene adzabuka ku Boma iwe ukangofika: atsikana odwala mutu tsiku ndi tsiku, atadzola mafuta, atavala mikanda yonse ya amawo. Amenewo uziwapatsa madzi akumwa, ndipo amene mutu wake udzakuvute kwambiri udzayambe wandionetsa ine.

Tsopano ndikuuze za agogo ako aamuna. Unawapeza akuyenda ndi ndodo, phazi limodzi lopanda zala zina, ndipo unkaganiza kuti ndi za kunkhondo. Sizinali za kunkhondo, anali matekenya. Nthawi imeneyo tizilombo timeneti tinali titangofika kumene m'dziko muno, anthu sankatidziwa bwino. Ine ndinali katswiri wochotsa. Ndi minga chabe ndinkatulutsa thekenya lathunthu osaliphulitsa, ndipo ana a mudzi wonse ankandipezera pakhonde m'mawa uliwonse. Apongozi anga aamuna ndinkawaona akutsimphina. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, sankatha kudzichotsa okha, ndipo amene ankawathandiza ankangowabaya n'kusiya mazira m'katimo. Ine ndinkadziwa kuti ndikhoza. Koma mkamwana kuno sayang'ana apongozi ake kumaso, satchula dzina lawo, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire n'kugwada. Nanga phazi lawo akanaligwira bwanji?

Ndinayesa njira zonse zaulemu. Ndinauza abambo ako, iwo anati auza amayi awo, amayi awo anati aona. Ndinaphunzitsa mwana wina kagwiridwe ka minga, koma dzanja lake silinali langa. Phazi linatupa, linatuluka mafinya, zala zinayamba kuda. Pamene ankazidula ndi mpeni wamoto ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikusinja, ndikusinjitsa kuti ndisamve. Anthu onse ankanditama kuti mkazi wa ku Kasungu uja ali ndi mwambo kuposa ana a konkuno. Patapita nthawi, tsiku lina ndikuchotsa mwana thekenya pakhonde, iwo anadutsa ndi ndodo yawo, naima chondifulatira monga mwa mwambo, n'kulankhula ngati akulankhula ndi mtengo. Anati, “Manja abwino chomene ali m'mudzi muno. Koma phazi langa silinawapeze.” Sananene mokwiya. Ndikanakonda akanakwiya.

Ulemu ndi chinthu chabwino, Yotamu, ndipo sindikuti uutaye. Ukautaya sudzakhalanso mwana wanga. Koma ndinaona ndi maso anga ulemu ukudya zala za munthu, ine ndili pomwepo ndi minga m'manja. Iwe zimene uli nazo m'manja ndi zazikulu kuposa minga. Ntchito wasankhayi ndi yogwira pamene ena sagwira ndi kuyang'ana pamene ena amatembenuka. Udzagwira mafumu, udzagwira akazi a eni, udzagwira anthu amene kumudzi sukanayenera n'kukhala nawo mphasa imodzi. Kumishoni zinali zosavuta, poti odwala anali alendo ndipo mzungu anali pambali, manyazi onse ankagwera iye. Ku Boma uli kwanu. Aliyense wolowa pakhomo paja adzakhala wachibale wa wachibale. Ukayamba kusankha kuti uyu ndingamuone, uyu ayi, posachedwa udzapezeka ukuchiritsa alendo okhaokha, ako akuola.

Sabata yathayi, pamene ndinakuuza kuti ndikupita kukaona adzukulu, ndinapita kukamenya nkhondo imeneyi. Amuna a Rute ndinalankhula nawo ine ndili m'nyumba iwo ali panja, khoma lili pakati, monga achitira mkamwini ndi apongozi ake. Si munthu woipa. Mkazi wake amamufuna, koma abale ake amutopetsa ndi mawu. Nditamuuza maganizo anga anati ngati iwe mlamu wake uvomera, iye ndi abale ake anyamula machila. Amayi a mwamunayo ndiwo anaomba m'manja n'kunena kuti chiyambire sanamvepo mlongo akuvundukula mlongo wake, kuti kapena ndi mwambo wa kwathu ku Kasungu. Ndinawayankha kuti kwathunso kulibe, uyambira pa ine. Ndinawafunsanso ngati iwo adzayamwitse khanda lija Rute akachoka. Sitinatsanzikane bwino. Abambo ako akuti iwo nkhani imeneyi sakuidziwa ndipo safuna kuimva, koma nsungwi ya machila akadula ndi iwo, ndipo aisenda bwinobwino kuti isapweteke mapewa a onyamula.

Wovuta anali Rute mwini wake. Analira, nati kuli bwino mwendo udulidwe kusiyana n'kuti iwe umuone. Ndinamusiya alire mpaka atatopa. Kenaka ndinamuuza zimene ndinaona pawindo paja, kuti munthu amene unkamusoka munali mutamufunditsa nsalu thupi lonse, pongotsala pabala pokha. Anasiya kulira, nafunsa ngati zingatheke kwa iyenso. Choncho ndatenga nsalu yanga yoyera ija ya pa Mgonero, ndaboola pakati molingana ndi chilondacho, ndapinda m'mphepete n'kusoka kuti isamasosoke. Uipeza pansi pa kalata ino. Usandifunse chimene ndidzavale kutchalitchi. Ukaiwiritse monga muchitira ndi nsalu zanu, ukaisunge pamalo oyera.

Rute wapempha zinthu ziwiri, ndipo ndamulonjeza m'malo mwako. Choyamba, ine ndidzakhale kumutu kwake. Chachiwiri, m'chipinda mmenemo usadzamutche dumbu, usadzamutche Rute, udzamulankhule monga ulankhulira munthu wochokera kutali amene sukumudziwa. Mukadzatuluka panja mudzakhalanso pachibale, adzakugwadira ndi kukupatsa madzi monga kale, ndipo za m'chipindamo palibe adzazitchule mpaka tonse tidzafe.

Ine ndikupempha chachitatu. Ukadzaona chilondacho undiuze zoona. Ngati ndi cha manja ako, tidzakhala konko mpaka chipole, ufa tidzabwera nawo, ine ndidzagona pakhonde la chipatala, ndinagonapo malo oipa kuposa amenewo. Ngati chakupitirira, usadzachite manyazi kunena, udzalembe kalata kwa dokotala wako, ndipo Rute akadzamva kuchokera pakamwa pako adzapita. Chimene sindifuna ndi chakuti ubwerenso ndi botolo, maso ali pansi.

Ndikumva agalu akuuwa kutsidya, ndiye kuti wayamba kubwerera, ndipo cholembera chiyenera kubwerera m'jekete usanafike. Mawa pokuperekeza sindidzanena zambiri. Ndidzakugwira dzanja pamphambano, ndidzati uyende bwino, ndipo amayi anzanga adzaona mmene NyaPhiri aperekezera mwana wake wopita kukasunga chipatala cha Boma. Ndikalira, udziwe kuti ndi kunyada.

Ife tinyamuka Loweruka likubwerali m'mamawa, tigona panjira. Ukadzaona machila akutulukira pamsewu wa kumwera, usadzathamange kudzatichingamira. Anthu odwala suwachingamira kumsewu. Udzalowe m'kati, udzasambe m'manja, udzatidikire pamalo pako. Ndidzamufunditsa ndine nsaluyo, ndipo ndikadzati takonzeka, udzayang'ane chilondacho ndi maso onse awiri, nthawi yonse imene ukufuna. Pansi ndidzayang'ana ndine m'malo mwako.

Mulungu amene anakupatsa manja amenewo akuyendetse bwino.

Ndine mayi ako,
NyaPhiri